Mawu othokoza nditamaliza kafukufuku wanga

Dzulo masana aphunzitsi ondiyesa anavomereza kafukufuku wanga wa microRNA m'magazi a odwala COVID-19, ndipo ndikulemba mawu ano thupi lidakali lolefuka, koma ndikuyamika Mulungu amene anandigwira dzanja zaka zonsezi.

Ambiri munkandifunsa chimene ndinkafuna m'magazi pamene njira yoyezera matendawa yotchedwa PCR ilipo kale. PCR imafufuza kachilomboko m'mamina otengedwa m'mphuno, koma ine ndinkafufuza zizindikiro zimene thupi lenilenilo limaonetsa likagwidwa ndi matendawa. MicroRNA ndi tizidutswa tating'ono kwambiri ta RNA, chinthu cha m'maselo chofananako ndi DNA, timene timachepetsa mapuloteni amene maselo amapanga, ndipo kuchuluka kwake m'madzi a magazi kumasintha munthu akadwala. Victor Ambros ndi Gary Ruvkun anatitulukira m'kanyongolotsi mu 1993 ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2024, chaka chimene ine ndinatsala pang'ono kusiya zonse.

Ndithokoze mwapadera bambo amene amayang'anira labotale yathu, amene andiletsa kutchula dzina lawo. Namondwe wa Freddy atawomba mu Marichi 2023 ndipo magetsi atazima, bambowa anagona mu labotale masiku angapo akuthira dizilo mu jenereta kuti firiji isachoke pa madigiri 80 pansi pa ziro, pamene kwawo denga linali litasasuka. Akanapita kukaona nyumba yawo, magazi onse amene odwala anandipatsa mwa kufuna kwawo akanawonongeka, ndipo sindikanayerekeza kukawapemphanso. Ndi iwonso amene anandiphunzitsa kutaya madzi a magazi alionse ooneka ofiirira, chifukwa maselo ofiira akaphulika amatulutsa microRNA wina wochuluka, wotchedwa miR-451a, amene amasokoneza zotsatira. Ndinkadandaula poona ntchito ya sabata yonse ikutayidwa, koma dzulo funso loyamba la ondiyesa linali pa nkhani yomweyo. Bambo, Ambuye akubwezereni pamene ine sindingathe.

Ndikuthokozanso anamwino amene ankatenga magazi atavala zodzitetezera m'nyengo yotentha, ndiponso amayi anga amene ankasala kudya pondipempherera ngakhale sankamvetsa chimene ndinkayeza. Amene munalonjeza mankhwala oyezera kenako n'kusiya kuyankha foni, mauthenga anu ondiyamikira ndawaona m'mawa uno.

Bambo, Lolemba ndibwera kudzabweza kiyi wa firiji, ndipo malata a denga lija ndibwera nawo, musakanenso.