Zikomo nonse amene munatigwira dzanja Kambuku atadwala

Lero galu wathu Kambuku wamwa piritsi lake lomaliza la prednisolone, mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi, patatha miyezi 5 chiyambireni mankhwala. Ndati ndisagone ndisanakuthokozeni.

Zinayamba ngati ulesi chabe. Anasiya kudya, nkhama zake zinayera mbee, mkodzo nkumatuluka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ife tinkangoti ndi matenda a nkhupakupa. Adokotala a ziweto atayeza, Babesia, kachirombo ka m'magazi kofalitsidwa ndi nkhupakupa, sikanapezeke. Anatiuza kuti ndi IMHA, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira maselo ofiira a magazi a galu mwiniwake. PCV yake, muyeso wa kuchuluka kwa maselo ofiira m'magazi, inali 14, pomwe galu wathanzi amakhala pakati pa 37 ndi 55.

Adokotala, zikomo kwambiri chifukwa cha kuleza mtima kwanu. Ine ndinakutsutsani pamene munalemba clopidogrel. Ndinati galu alibe kale magazi, inu mukumupatsiranji mankhwala ochepetsa kuundana? Munakhala nane pansi nkundifotokozera kuti pa matendawa ma platelet, tizigawo timene timaundanitsa magazi munthu akadzicheka, amakhala otakasuka mopyola muyeso ndipo amamatirirana m'mitsempha popanda bala. Chibulumwa chotere chikakatseka mtsempha wa m'mapapo, galu amayamba kubanika ndipo akhoza kufa, ngakhale magazi atayamba kale kubwerera. Munawonjeza kuti prednisolone yemweyo amakuza chiopsezochi, ndipo masabata awiri oyambirira ndiwo oopsa kwambiri. Ndikanakakamira maganizo anga, mwina bwenzi lero ndikulemba uthenga wamaliro.

Achimwene a nyumba yoyandikana nafe, munabwera ndi galu wanu wamkulu uja usiku kuti apereke magazi, osafunsa kanthu. Mulungu akudalitseni. Achemwali anga, munagona pabalaza masiku 14 mukuwerenga mpweya wa Kambuku pa mphindi imodzi nthawi iliyonse imene mwadzidzimuka, monga anatilangizira adokotala. Ndipo inu amene munatitumizira ndalama pa foni, ena mwa inu sitinaonanepo ndi maso, ndalama zanu ndi zimene zinalipira kuyeza magazi sabata ndi sabata.

Alipo amene anandiuza kuti ndi galu chabe. Sindinawakwiyire, koma ana anga anakula naye, ndipo ndi iye amatilondera pakhomo zaka 6 zonsezi.

Adokotala akuti matendawa amatha kubwerera, choncho tipitiriza kumuyang'ana nkhama m'mawa uliwonse. Mwezi wamawa tibwera naye kudzayezanso magazi.