Tinayamba ndi kujambula galimoto za eni ake

Mu Lilongwe muno muli galimoto zomwe umazimva usanazione. Subaru Impreza yakale ikamadutsa ku Area 47, kulira kwake kogunda kuja sikubisika. Kumachokera ku injini yake yomwe mapisitoni ake amagona chopingasa, komanso mapaipi otulutsa utsi omwe ndi osafanana kutalika. Ine ndi mng'ono wanga tinakopeka ndi zimenezi tilibe ngakhale njinga yamoto. Loweruka masana tinkazungulira malo otsukira galimoto ndi omwetsera mafuta ku Area 18, Area 25 ndi ku Kawale, foni ili m'manja. Tikapeza Altezza yotsitsidwa kapena Mark X ya malimu onyezimira, tinkapempha kaye mwini wake, kujambula, kubisa nambala, kenako kuika pa Facebook.

Ndalama panalibe. Koma eni galimoto akatizolowera ankayamba kudandaula, ndipo dandaulo linali limodzimodzi: munthu wagula malimu okongola, wafika nawo kunyumba, akukana kulowa. Apa m'pamene tinaona kuti pali ntchito. Tinabwereka kashedi kuseri kwa garaja ya malume athu, tikugulitsa malimu ndi matayala ogwiritsidwapo kale ntchito.

Chomwe timadya nacho kwenikweni ndi kuyeza. Limu la mabowo asanu silingolowa pa galimoto iliyonse ya mabawuti asanu. Altezza ndi Mark X zimafuna 5x114.3 (kutanthauza mabowo asanu ozungulira bwalo lotambalala mamilimita 114.3), Impreza WRX yakale imafuna 5x100, pomwe Golf 5 GTI imafuna 5x112. Pakati pa 112 ndi 114.3 diso silingaone kusiyana, ndiye ena amangokakamiza ndi sipanala. Bawuti yomangidwa mopendekera imamasuka galimoto ili pa liwiro, kapena kuthyoka kumene. Kasitomala akabwera, timayamba taona galimoto yake asanaloze limu lomwe walikonda.

Pali ntchito imodzi yomwe timakana, ndipo yatithawitsira makasitomala angapo: kudula masipuling'i kuti galimoto itsike. Anyamata amati, "Achimwene, ingodulani pang'ono, ikhale pansi." Ayi. Sipuling'i yodulidwa sikhazikika bwino pamalo pake, mashoko amatha msanga, ndipo galimoto imadumphadumpha pokhota. Komanso misewu yathu mukuidziwa. Mahampu ali ponseponse, dzinja likafika maenje amatseguka, ndipo pansi pa injini pakagunda mwala oyilo yense amathera mumsewu. Wofuna kutsitsa timamuuza asunge ndalama agule masipuling'i opangidwira zimenezo, ndipo atsitse pang'ono. Kwa ine Altezza RS200, ija ya injini ya 3S-GE yomwe Toyota anapanga ndi Yamaha, ndi galimoto yofunika ulemu. Anasiya kuipanga mu 2005, ndiye iliyonse yomwe tikuiwononga lero sidzabweranso.

Nthawi yovuta kwambiri inali pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Katundu wathu amachokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, wina ku Johannesburg, ndipo yense amafuna ndalama zakunja zomwe zinali zosowa kale. Mitengo inakwera moti malimu ankangokhala pa shelefu, anthu akubwera kudzangowasirira. Tinaganiza zotseka. Anatipulumutsa ndi anzathu omwe tinkawajambulira galimoto aja, chifukwa anayamba kubweretsa malimu awo opindika ndi maenje kuti tiwawongole m'malo mogula ena. Mng'ono wanga anapita kukaphunzira ntchitoyi kwa bambo wina wodziwa zowotcherera, ndipo panopa kuwongola ndi kupenta malimu kukutibweretsera ndalama zambiri kuposa kugulitsa.

Limu long'ambika pafupi ndi mabawuti sitiwotcherera, ngakhale mwini wake atachonderera chotani. Timamuonetsa mng'aluwo, n'kumuthandiza kufufuza lina lofanana nalo kwa anzathu a ku Blantyre kapena ku Mzuzu.