Tsiku limene mazira a apongozi anauluka asanaswe

Nkhuku ikamafungatira imatembenuza yokha mazira ake ndi mlomo, popanda woiuza. Ine ndinaona kuti ntchito imeneyi ndingaigwire bwino kuposa nkhuku, poti ndinaphunzirako zamagetsi pomwe nkhuku sinapondeko m'kalasi.

Ndinagula firiji yakufa, n'kuikamo chotenthetsera kuti mkati muzikhala madigiri 37.5, kabeseni ka madzi pansi, ndi thireyi ya mazira 30 yokhala pa chitsulo chodutsa pakati ngati katungwe. Chotsala chinali chopendeketsa thireyiyo, madigiri 45 uku, pakapita maola angapo madigiri 45 uko, mpaka tsiku la 18, kuti anapiye aswe pa tsiku la 21.

Pa ntchitoyi ndinasankha mota ya stepper, ya NEMA 17. Mota imeneyi sizungulira mwachisawawa ngati ya fani. Imayenda mowerenga masitepe: 200 kuti izungulire kamodzi, sitepe iliyonse madigiri 1.8. Vuto lake, ikamaponda masitepe athunthu imanjanja, gu gu gu, ndipo dzira silifuna zimenezo. Mankhwala ake ndi microstepping. Pali kachipangizo kotchedwa draiva, kanga kanali A4988, kochepa ngati sitampa, kamene kamagawa magetsi pang'onopang'ono pakati pa makoyilo awiri a mota, sitepe imodzi n'kusanduka timasitepe 16. Pamenepo kuzungulira kamodzi kumafuna masitepe 3200, ndiye madigiri 45 ndi masitepe 400. Ndinalemba 400 mu Arduino, kakompyuta kakang'ono kouza draiva masitepe oti mota iyende. Ndinayesa ndi mbatatesi m'malo mwa mazira, thireyi inapendekeka mwaulemu ngati mtsikana wopereka madzi kwa alendo.

Apa m'pamene ndinatumiza uthenga kwa apongozi ku Chiradzulu kuti abweretse mazira a nkhuku zawo za Mikolongwe zija. Mayi akunyumba anati, "Bwanji muyambe mwayesa ndi asanu?" Ndinawayankha kuti sayansi siyenda ndi mantha.

Usiku woti mawa apongozi afika, ndinaona kuti mawaya a mota apiringizana, ndiye ndinawazula kuti ndiwongole. Magetsi ali oyaka. Aliyense wodziwa zinthuzi angakuuzeni kuti zimenezi sachita, ndipo ine ndemwe ndinali nditauzapo anthu ena. Kunamveka ka "tsi", kenako kafungo ka pulasitiki wopserera. Ndi mantha ndinasintha zonse, draiva ndi bolodi yomwe imene draivayo amalumikizidwapo, poti ndinali nazo zapadera. M'bokosi la bolodi yatsopanoyo munali kajumbo ka timapulasitiki takuda, tochepa ngati njere za mpunga. Ndinakaponya m'chitini cha misomali n'kukagona.

Timapulasitiki timeneto ndi majampa. Amalowa pa timapini tokhala pansi pa draiva, ndipo ndi amene amauza A4988 kuti igawe sitepe kangati. Onse atatu akakhalapo ndi 16. Akapanda kukhalapo ndi sitepe yathunthu. Pa bolodi yakale ndinawaika miyezi iwiri m'mbuyomo, draiva n'kuwaphimba, ine n'kuiwala kuti kunja kuno kuli majampa.

Apongozi anafika cha m'ma 10, mazira atawasanja m'beseni la gaga kuti asasweke m'minibasi. Kuchokera ku Chiradzulu mpaka ku Bangwe, m'mabampu monse muja, silinasweke ndi limodzi lomwe. Mfundo imeneyi akhala akuibwereza.

Tinawayala m'thireyi limodzilimodzi. Mlamu wanga anatulutsa foni kuti ajambule, ana a oyandikana nawo anadzaza pakhomo. Ine ndinayamba kufotokoza za draiva.

"Draiva wakeyo ali kuti, bambo?" anafunsa apongozi akusuzumira kuseri kwa firiji.

"Ndi aka, amayi."

"Kameneka? Kali ndi laisensi?"

Tonse tinaseka. Chitseko ndinachisiya chotsegula kuti aliyense aone bwino, ndipo ndinadina batani.

Arduino inatumiza masitepe ake 400 mokhulupirika. Koma popanda majampa, masitepe 400 ndi kuzungulira kawiri kwathunthu. Thireyi inafika pa madigiri 45 ija n'kuwadutsa ngati minibasi yodzadza pa siteji. Mazira a mzere wakutsogolo anatulukira pakhomo la firiji, ena anagwera m'kabeseni ka madzi, ena anaphwanyikira pa chotenthetsera n'kuyamba kununkhira. Limodzi linatera pa chitenje cha apongozi, pa bondo penipeni. Ine m'malo mozimitsa ndinaima n'kumawerengera m'mutu kuti 400 kugawa ndi 200 ndi zingati. Thireyi inazunguliranso kachiwiri ilibe kanthu, kenako inaima chilili pamalo pomwe inayambira, osaphonya ndi digiri imodzi yomwe. Pa kulondola kokha, mota ija sindingainenere zoipa.

Panali zii. Mwana wina ndiye anati, "Achitenso!"

Apongozi anapukuta bondo ndi nsonga ya chitenje, n'kutembenukira kwa mwana wawo. "Nanga ukuimiranji? Tenga mbale, wola amene angawoleke." Masana tinadyera mazira, madzulo mazira. Apongozi anadya mwakachetechete, kupatula pomwe anati mazira a Mikolongwe amakoma, n'chifukwa chake anthu ena amawasunga kuti aswe.

Majampa ndinawapeza usiku womwewo pakati pa misomali. Kuwaika sikunanditengere ngakhale mphindi imodzi, ndipo makina anayambanso kupendeketsa mbatatesi mwaulemu.

Loweruka lotsatira kondakitala wa minibasi anatsitsa dengu pa siteji, akuti ndi katundu wanga wochokera ku Chiradzulu. Mkati munali thadzi lakuda lomangidwa miyendo, ndi kapepala kolembedwa ndi pensulo: "Iyi draiva wake ali momwemo."