Kachala kouma ka The Invaders

Lachinayi, usiku.

Mawu a mnyamata wokonza mafoni uja andikhala pakhosi chiyambire masana. Anangoonera gawo limodzi la The Invaders, sewero lakale la pa TV, basi n'kugamula: "Akulu, nkhani ya zolengedwa zakuthambo koma zolengedwazo osaoneka? Azibambo ovala masuti okhaokha? Ndalama zinawathera amenewa."

Zoti pa TV ya 1967 sakanatha kuumba chilombo chatsopano sabata iliyonse, sindikutsutsa. Chandinyansa n'chakuti sanaone nzeru yake. Larry Cohen ndiye anayambitsa seweroli, Quinn Martin n'kulipanga, ndipo linayamba pa kanema wa ABC ku America mu January 1967 n'kutha mu March 1968, magawo 43. Roy Thinnes amasewera ngati David Vincent, wojambula mapulani a nyumba, amene anasochera usiku ali wotopa n'kuona chombo cha zolengedwa zakuthambo chikutera. Akauza anthu, amamuyesa wamisala.

Adani akuthambowo amavala thupi laumunthu, ndiye akhoza kukhala wapolisi, dokotala, mlembi wa mu ofesi. Uwadziwa bwanji? Mtsempha sugunda, ukawacheka magazi satuluka, ndipo ena kachala kakang'ono kakumapeto n'kouma, sikapindika. Kachalako sikadya ndalama ngakhale pang'ono: wosewera amangokatambasula pogwira kapu kapena foni, kamera n'kuyandikira. Ukakaona kamodzi, wayamba kuyang'ana manja a aliyense wolowa m'chipinda. Ndiye poti si onse ali nako, dzanja labwinobwino silikutsimikizira kanthu. Mantha ake agona pamenepo.

Pena mutu umauma ukamafotokozera munthu amene anakulira zithunzi za pakompyuta. Kaya ndi kutenthaku, kaya.

Imfa yawo ndiyo inkafuna ntchito. Mdani akafa amayaka mofiira n'kuzimiririka, mtembo osatsala, motero Vincent umboni alibe. Zoterezi masiku amenewo zinkapangidwa pafilimu penipeni. Kamera imamangidwa kuti isasunthe, mujambule wosewera atagwa, achokepo, mujambulenso malo omwewo opanda munthu. Kenako kuwala kofiira kumajambulidwa potsata thupi lake, chithunzi chimodzichimodzi, zonse n'kuziphatikiza pamakina otchedwa optical printer. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, ndiye masekondi atatu okha ndi zithunzi 72. Kamera ikagwedezeka pang'ono pakati pa kujambula kuwiriko, khoma lakumbuyo limalumpha. Mukajambulira panja dzuwa n'kusuntha, mithunzi siigwirizana. Komanso kuphatikizako ndi kukopera filimu pa filimu ina, n'chifukwa chake m'masewero akale chithunzi chimayamba kuoneka ngati chathiridwa mchenga zodabwitsa zikatsala pang'ono kuchitika. Wozolowera amadziwiratu kuti wina afa.

Zina ankangozisewera. Kachida kozungulira kowala kamene adaniwo amagunditsa munthu pakhosi kumbuyo, munthu n'kufa ngati magazi akhera mu ubongo, dokotala osakayika chilichonse. Machubu amene amalowamo kuti thupi laumunthu lisawathawe, odya magetsi ambiri, ndipo ndiwo malo awo ofooka.

Madzulo ano, kapena kunali kusanade, maganizo anapita pa V, sewero lina la zolengedwa zakuthambo la Kenneth Johnson, la pa kanema wa NBC mu 1983. Kumeneko anasankha kuonetsa: khungu laumunthu limang'ambika, pansi pake buluzi. Zimadzidzimutsa koyamba, koma ukadziwa chimene chili pansipo, watsala ndi nkhondo chabe. Mnyamata uja V akanaikonda.

Komabe The Invaders nayo inadzipweteka yokha. Chigawo choyamba, cha magawo 17, Vincent ali yekhayekha. M'chachiwiri, cha magawo 26, anamupatsa gulu la anthu omukhulupirira, pamodzi ndi mpondamatiki Edgar Scoville, woseweredwa ndi Kent Smith. Kwa ine mantha anachepa pomwepo, chifukwa munthu wokhala ndi anzake komanso ndalama sakhalanso wosowa pogwira. Koma akanamusiya yekha, akanapitiriza mpaka liti kufika m'tauni yatsopano, kupeza umboni, umboniwo n'kupsa? Owonera akanatopa ndithu. Apa ndiye sindinagwirizane ndi mtima wanga, ndipo magetsi angozima kumene.