Mneni wachiheberi wopezeka katatu kokha m'Baibulo

Mneni wachiheberi wakuti rachaph amapezeka katatu kokha m'Chipangano Chakale. Pa Genesis 1:2 akunena za Mzimu wa Mulungu uli pamwamba pa madzi, pomwe pa Deuteronomo 32:11 akufotokoza chiwombankhanga chikukupiza mapiko pamwamba pa ana ake chisanawanyamule. Pa Yeremiya 23:9 tanthauzo lasintha, pakuti kumeneko ndi mafupa a mneneri amene akunjenjemera.

Ine ndimaona kuti ndime ya Deuteronomo ndiyo imaunikira bwino ya Genesis, makamaka popeza mawu achiheberi akuti tohu, otanthauza malo opanda kanthu, amene ali pa Genesis 1:2, akupezekanso pa Deuteronomo 32:10. Choncho Mzimuwo sunali chimphepo chongodutsa, monga amanenera omasulira ena, koma unkayang'anira dziko losaumbikalo mwatcheru ngati mmene Yehova anasungira Aisraeli m'chipululu.