Land Cruiser yokana kulira m'mawa ku Dedza

M'mwezi wa Julayi, pamene ndinkaphunzira ntchito pa galaja ina ku Dedza monga mbali ya maphunziro anga a umakaniko, kunabwera Toyota Land Cruiser yakale imene mwini wake amatutira mbatata ya kachewere kuchokera kumapiri. Dandaulo lake linali limodzi: galimotoyo inkakana kulira m'mawa, moti madzulo alionse ankaiimika pamalo otsetsereka kuti kukacha anyamata aikankhe. Anafika nayo masana dzuwa litakwera, ndipo nditapotokola kiyi injini inalira nthawi yomweyo. Ine ndinafulumira kunena kuti batire latopa, koma mkulu wa galajayo anapukusa mutu. "Usamuguletse munthu batire usanaone matenda ndi maso ako," anatero. "Galimotoyi igone pabwalo pompano, ndipo iwe ubwere 5 koloko m'mawa."

Usiku umenewo ndinabwerera ku zimene tinaphunzira m'kalasi. Injini ya dizilo ilibe mapulagi otulutsa moto ngati ya petulo. Imadalira kutentha kumene kumabwera pisitoni ikapanikiza mpweya. Injini ya galimotoyi ndi 1HZ, imene Toyota inayamba kupanga mu 1990, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, ndipo imapanikiza mpweya pafupifupi ka 22. Dizilo wake sathiridwa mwachindunji pamwamba pa pisitoni, koma m'kachipinda kakang'ono ka m'mutu mwa injini, ndipo chitsulo chozungulira kachipindako chikazizira usiku wonse chimamwa kutentha kwa mpweya dizilo asanayake. N'chifukwa chake injini yamtunduwu imadalira kwambiri ma heater plug, mapulagi otenthetsa kachipindako, amene amafiira ngati khala dalaivala akatsegula kiyi. Ku Dedza kuli chinanso: tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepukirapo, choncho injini yokalamba imene ku Nsanje ikanalira mosavuta, kuno imaonetsa zofooka zake zonse.

M'mawa ndinapeza galasi lakutsogolo litanyowa ndi mame, zala zanga zitauma moti kugwira sipanala kunali kovuta. Mkulu uja sanandilole kutsegula boneti. Anandiimika kumbuyo kwa galimoto kuti ndimvetsere mmene sitata ikuzungulira ndiponso ndiyang'ane chimene chikutuluka ku ekizozi. Sitata inkazungulira mwamphamvu, osati mwaulesi ngati mmene imachitira batire likafooka kapena oyilo akalimba ndi chisanu. Titayeza ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, batire linali pafupi ndi 12.6V, mlingo wa batire lodzaza bwino, ndipo pamene sitata inkazungulira mphamvu sinatsike kufika pa 9.6V, amene ndi malire amene tinaphunzitsidwa. Batire limene ndinalinamizira dzulo lake linalibe mlandu.

Utsi ndiwo unatiuza zambiri. Unkatuluka woyera, wambiri, wonunkha dizilo wosapsa ndiponso woyabwa m'maso. Utsi wotero umatanthauza kuti mafuta akufika m'masilinda koma akusowa kutentha kowayatsa. Pakanakhala kuti palibe utsi n'komwe, tikanatembenukira ku njira ya mafuta: kapampu kamanja kamene kali pamwamba pa fyuluta, kamene kakamafewa pokapopa kamasonyeza kuti mpweya walowa m'mapaipi ndipo dizilo wabwerera m'thanki usiku, kapena solenoid ya pa pampu imene imatsegula ndi kutseka mafuta. Kungoima kumbuyo kwa galimoto kwa mphindi imodzi kunatichotsera theka la ntchito.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa chinthu chimene sindidzaiwala. Ndinaika waya umodzi wa multimeter pa heater plug yoyamba, wina pa chitsulo cha injini, ndipo nditaona nambala yotsika ndinanena kuti ndi yabwino. Ndinachita chimodzimodzi mpaka yachisanu ndi chimodzi, zonse zikundipatsa nambala yofanana, ndipo ndinalengeza kuti ma heater plug onse ali moyo. Mkulu uja anangoloza kachitsulo kakatali, kopyapyala, kamene kamalumikiza mitu ya onse sikisi. Malinga ngati kachitsuloko kali pamalo pake, magetsi a multimeter amadutsa mwa pulagi iliyonse yamoyo, choncho ngakhale imodzi yokha ikakhala yabwino, zonse zimaoneka zabwino. Ndinamasula timanati, kuchotsa kachitsuloko, ndi kuyeza iliyonse payokha. Ziwiri zinaonetsa pafupifupi 1 ohm (muyeso wa mmene chinthu chimakanizira magetsi kudutsa), monga ziyenera kukhalira, koma zinayi zinali zakufa, magetsi osadutsa n'komwe. Injini ya masilinda sikisi inkayembekezeka kudzuka m'chisanu cha Julayi ndi masilinda awiri okha otenthetsedwa. Ndinaphunziranso kuti kanyali ka pa dashibodi kamene dalaivala amadikira kuti kazime sikanena kanthu za umoyo wa mapulagiwo, chifukwa pa galimotoyi kankayaka ndi kuzima monga mwa nthawi zonse.

Tinatsimikiza kuti relay, kaswichi kamene kamatsegulira mapulagiwo magetsi, ikufikitsa magetsi ku kachitsulo kaja kiyi akatsegulidwa, kenako tinaganiza zosintha onse sikisi, popeza awiri otsalawo anali a zaka zomwezo. Pogula tinatenga yakale m'manja, chifukwa pali ma Land Cruiser a 12V ndi ena a 24V, ndipo pulagi yolakwika imapsa msanga kapena siitentha mokwanira. Pomasula tinayamba tatenthetsa injini ndi kuthira mafuta ofewetsa dzimbiri, n'kumapotokola pang'onopang'ono, pakuti pulagi ikathyokera m'kati ntchito ya ola limodzi ikhoza kusanduka yochotsa mutu wonse wa injini. Tinapalanso ufa woyera umene unamera pa mitu ya batire.

Mwini galimotoyo anatiuza kuti masiku ena ankaika mbaula pansi pa injini kuti itenthe. Ndikumvetsa kuti munthu amene mbatata yake ikudikira kumsika amagwira chilichonse chimene chili pafupi, koma makala amoto pansi pa mapaipi a dizilo ndi mawaya akale amandiopsa kwambiri. Mankhwala opopera m'njira ya mpweya kuti injini ilire msanga nawonso ndi oopsa pa injini yokhala ndi ma heater plug, chifukwa akhoza kuphulika nthawi isanakwane n'kuwononga mapisitoni.

Galimotoyo inagonanso pabwalo usiku wina. Kutacha ndinatsegula kiyi, ndinadikira kanyali kaja kuti kazime, ndipo injini inalira pa kuzungulira koyamba, inanjenjemera pang'ono, utsi n'kutha mphindi isanakwane. M'buku langa la ntchito ndinalemba kuti ikadzabweranso ndi utsi woyera mapulagi ali atsopano, tidzayeze compression, mphamvu yopanikizira mpweya, ya silinda iliyonse ndi ma injector, amene amathira dizilo m'injini, ndipo tidzatero m'mawa injini isanatenthe.