Mapu a Ruarwe: gombe latha, kwatsala njira za kumapiri

Gombe la Ruarwe ndamaliza kulijambula pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti amene aliyense angathe kuwonjezerapo zinthu, kuyambira pomwe mtsinje umathira m'nyanja mpaka nyumba zomaliza chakumpoto. Kwa inu amene mwangoyamba kunditsata, Ruarwe ndi kamudzi ka m'boma la Nkhata Bay, kumpoto kwa Usisya, kopanikizika pakati pa nyanja ndi mapiri. Msewu wa galimoto sufikako. Munthu amapita pa boti, wapansi, kapena pa Ilala, sitima yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Nayonso imaima chapatali, anthu ndi katundu n'kutsikira m'maboti ake ang'onoang'ono.

Nyumba za malata sizinandivute, zimanyezimira pa zithunzi za setilaiti. Zofolera udzu ndiye zandidyera nthawi. Mtundu wake ndi wa dothi lomwe lili pabwalo, ndipo zambiri zabisala pansi pa mitengo ya mango. Ndimazipeza poyang'ana bwalo losesedwa ndi tinjira tokumana pamalo amodzi. Palinso mathandala oyanikapo usipa. Ukawaona kuchokera kumwamba ndi aataliatali, a ngodya zinayi, ndipo munthu amene sanafikepo kunyanja akhoza kuwalemba kuti ndi nyumba, mudzi n'kuoneka waukulu kuposa mmene ulili. Ine ndawasiya osawajambula, poti asodzi amawasuntha.

Chinanso ndi mzere wa madzi. M'chaka cha 2024 nyanja inakwera kwambiri, inadya mchenga m'magombe ambiri, choncho zithunzi zakale ndi zatsopano sizikugwirizana. Ndatsata zatsopano.

Kumtunda nyumba ndi zapatalipatali, apa ziwiri, uko zitatu, pakati pake minda ya chinangwa yokwera nawo mtsetse. Kumeneku chofunika pamapu ndi njira za miyendo, chifukwa ndizo zimafikitsa mwana kusukulu ndi wodwala kuchipatala, makamaka miyezi ya June ndi July mwera ukavundula nyanja, mabwato ali pamchenga. Koma ndikuzilemba kuti ndi njira za miyendo basi. Sindigwirizana ndi anzathu ena ojambula mapu amene amakweza kanjira kalikonse kukhala msewu pofuna kuti mapu aoneke odzadza. Mapeto ake foni imatuma wa njinga yamoto kukatsika phiri lomwe ngakhale wapansi amagwirira miyala.

Ndayamba kale njira yolowera ku Usisya, koma m'malo mwina imasowa m'nkhalango n'kukatulukira kutsogolo, ndipo mipata imeneyo ndaisiya yosalumikiza. Ngati alipo amene anaiyendapo atatsegula GPS pafoni, ija imalemba mmene munthu wadutsa, anditumizire mzere wake. Ndikufunanso mayina a timitsinje ndi madoko monga mmene eni ake amawatchulira, makamaka malo owolokera amene amadzadza m'dzinja.